Tenisi ya amuna awiriawiri m'mipikisano ya Challenger: mafunso ndi mayankho

Tenisi yomwe ambiri amaidziwa ndi ya ku Wimbledon kapena Roland Garros, komwe mabwalo amadzaza ndipo makamera amakhala mbali zonse. Koma pafupifupi sabata iliyonse kumachitika mipikisano ina yaing'ono m'mizinda yomwe simveka kawirikawiri pa nkhani za masewera, ndipo mkati mwa mpikisano uliwonse mumakhala gawo la amuna osewera awiriawiri. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza gawo limenelo.

Kodi mpikisano wa Challenger ndi chiyani, ndipo uli pati pakati pa mipikisano ina?

Tenisi ya amuna ili m'magawo anayi. Pamwamba penipeni pali mipikisano inayi ya Grand Slam: Australian Open, Roland Garros, Wimbledon ndi US Open. Pansi pake pali ya ATP Tour, yomwe ndi Masters 1000, ATP 500 ndi ATP 250 (ATP ndi bungwe loyendetsa tenisi ya akatswiri aamuna). Kenako pamabwera ATP Challenger Tour, yomwe inayamba mu 1978. Kumunsi kwenikweni kuli mipikisano ya ITF, bungwe loyang'anira tenisi padziko lonse, yotchedwa M15 ndi M25, yomwe mpaka 2018 inkadziwika ndi dzina loti Futures.

Kuyambira 2023, mipikisano ya Challenger inagawidwa pasanu: Challenger 50, 75, 100, 125 ndi 175. Nambalayo si yongokometsera dzina ayi, ndi mapointi a pa mndandanda wa osewera padziko lonse omwe wopambana chikho amalandira. Ya 175 ndi yochepa, ndipo imaikidwa dala mu sabata yachiwiri ya mipikisano ina ya Masters 1000, m'mizinda monga Phoenix, Aix-en-Provence ndi Bordeaux, kuti akatswiri omwe atuluka msanga ku mpikisano waukulu apeze kosewera. Ina yonse yamwazikana: yambiri ili ku Italy, France, Spain ndi America, ina ku South America, India, Japan ndi Australia, ndipo mu 2024 mizinda ya Kigali ndi Brazzaville inalowanso pa mndandandawu.

Pamakhala matimu angati, ndipo timu ipambane kangati kuti itenge chikho?

Matimu amakhala 16, kutanthauza osewera 32. Wogonja amatuluka pomwepo. Timu yofuna chikho iyenera kupambana kanayi: ndime yoyamba, kotafainolo, semifainolo ndi fainolo. Matimu anayi amphamvu kwambiri amaikidwa motalikirana pa maere kuti asakumane isanafike semifainolo. Nthawi zambiri fainolo ya awiriawiri imaseweredwa Loweruka, ya mmodzimmodzi n'kudzatseka mpikisano Lamlungu.

Kodi bwalo limasintha akamasewera anthu anayi?

Kutalika n'kumodzimodzi, mamita 23.77. Chimasintha ndi m'lifupi: pa masewera a mmodzimmodzi ndi mamita 8.23, pa awiriawiri ndi mamita 10.97, chifukwa timipata tiwiri ta m'mbali, kalikonse ka mamita 1.37, timakhala mbali ya bwalo. Sevisi yokha ndiyo saloledwa kugwera m'timipata timeneti, iyenera kugwera m'bokosi la sevisi lomwelo la pa masewera a mmodzimmodzi. Neti nayonso sisintha, pakati ndi mamita 0.914 ndipo m'mbali pa mitengo ndi mamita 1.07. Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito: mpira womenyedwa motsatira mzere wa m'mbali umadutsa pomwe neti ndi yaitali, n'chifukwa chake mipira yambiri imadutsa pakati.

Ndaona zotsatira zolembedwa chonchi: 6-4, 3-6, 10-8. Kodi seti ingafike 10?

Ayi, nambala yomalizayo si magemu, ndi mapointi. Masewera a awiriawiri ku Challenger ndi ku ATP Tour ali ndi kawerengedwe kofupikitsidwa m'njira ziwiri.

Yoyamba ili mkati mwa gemu. Mapointi amawerengedwa monga mwa nthawi zonse, 15, 30, 40. Koma zikafika 40-40, palibe zoti timu ipambane kawiri motsatizana. Pamaseweredwa pointi imodzi yokha, ndipo woitenga watenga gemu. Timu yolandira ndiyo imasankha kuti sevisiyo ipite kwa ndani mwa awiriwo, wa kumanja kapena wa kumanzere. Pamenepa mumaona awiriwo atagundanitsa mitu, akunong'onezana. Chisankhocho chimaulula zambiri: amene akubweza bwino tsiku limenelo, kapena mbali yomwe wosevayo ikumuvuta.

Yachiwiri ili kumapeto. Matimu akagawana maseti awiri oyamba, seti yachitatu siseweredwa. M'malo mwake pamakhala tie-break yaitali, yopita ku mapointi 10, ndipo wopambana ayenera kutsogola ndi awiri. Ikafika 9-9 imapitirira, ndiye mukhoza kuona 12-10 ngakhale 16-14. Pa mapepala ambiri nambalayi amaitsekera m'timabokosi kuti isasokonezeke ndi seti. Maseti awiri oyambawo amakhala abwinobwino: magemu 6, ndipo zikafika 6-6 pamakhala tie-break ya mapointi 7.

Zotsatira zake n'zoti masewera ambiri amatha pakangodutsa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Chinanso n'choti timu yamphamvu siikhala ndi nthawi yokonza zolakwika. Ikhoza kupeza mapointi ambiri kuposa inzake pa masewera onse, koma ikaphonya mapointi atatu a 40-40 ndi mipira iwiri mu tie-break yomaliza, basi yalongedza zikwama. Ena amati kawerengedwe kameneka n'kamwayi. Akunena zoona pang'ono, koma mukatsatira chaka chonse mupeza kuti matimu omwewo ndiwo akumafika m'mafainolo, ndipo mwayi suyendera nyumba imodzi sabata ndi sabata.

Ku Grand Slam n'kosiyana. Kumeneko gemu ya 40-40 imaseweredwa mwa kale ndipo seti yachitatu ilipo yonse. Wimbledon inkaseweretsa amuna awiriawiri mpaka maseti asanu, koma kuyambira 2023 inatsitsa kufika atatu.

N'chifukwa chiyani anafupikitsa?

Okonza mipikisano ankadandaula kuti masewera a awiriawiri amatalika, amasokoneza ndandanda, ndipo osewera otchuka a mmodzimmodzi amawazemba poopa kutopa. Mu 2005 bungwe la ATP linabweretsa maganizo omwe akanachepetsa kwambiri malo a osewera omwe ntchito yawo ndi ya awiriawiri yokha. Gulu la osewerawo, momwe munalinso mapasa a ku America Bob ndi Mike Bryan, linakasuma kukhoti. Nkhaniyo inatha pokambirana, ndipo kawerengedwe katsopanoka kanakhazikika mu 2006.

Ndani amaseva, nanga ndani amalandira?

Matimu amasinthana gemu iliyonse, ndipo mkati mwa timu awiriwo amasinthananso, choncho aliyense amaseva kamodzi pa magemu anayi. Poyamba seti iliyonse, timu ili ndi ufulu wosankhanso woyamba kuseva. Ambiri amayambitsa wa sevisi yamphamvu, koma dzuwa ndi mphepo nazo zimaganiziridwa, makamaka ngati mmodzi ndi wamanzere. Polandira, aliyense amasankha mbali yake ndipo sangaisinthe mpaka setiyo itatha.

Wolandira yekha ndiye ayenera kubweza sevisi. Zikatero mpira ndi wa aliyense, palibe lamulo loti azimenya mosinthana monga zimakhalira pa tenisi ya patebulo. Pali kalamulo kena komwe kamadabwitsa oonera: sevisi ikamenya mnzake wa wolandira isanagunde pansi, pointi ndi ya woseva, ngakhale mpirawo unkapita kunja. Ikamenya mnzake wa wosevayo, sevisiyo yalakwika.

Zizindikiro zomwe amapanga ndi zala kumsana zimatanthauza chiyani?

Amazipanga ndi wosewera yemwe waima pafupi ndi neti, ndipo amauza mnzake woseva zinthu ziwiri: komwe sevisi ipite, ndi komwe iyeyo alowere mpira ukangochoka. Kwa ambiri, dzanja lotambasula limatanthauza kuti adutsa pakati kukalanda mpira, ndipo chibakera chimatanthauza kuti akhala pomwe ali. Woseva amayankha ndi liwu limodzi, kuvomera kapena kukana. Matimu ena safuna zala, amangokumana pakati pa bwalo n'kuyankhula atatseka pakamwa ndi mipira.

Kudutsa pakatiko ndiwo mtima wa masewerawa. Wa pa neti akadumphira mbali ya mnzake, woseva ayenera kuthamangira mbali yomwe yasiyidwa, apo ayi theka la bwalo likhala lopanda munthu. Pali kaimidwe kena kotchedwa I, komwe wa pa neti amagwada pa mzere wapakati ndipo woseva amaima kumbuyo kwake, kuti wolandira asadziwe komwe kutseguke. Kena ndi ka Australia, komwe onse awiri amayambira mbali imodzi pofuna kutseka njira yomwe wolandira amaikonda. Cholinga cha zonsezi ndi chimodzi: kumuchititsa wolandira kuganiza, pa mpira womwe umamufika pasanathe sekondi imodzi. Iye naye ali ndi mayankho ake. Akhoza kuwombera molunjika pa mzere, kuponya mpira m'mwamba kudutsa pamutu pa wa pa neti, kapena kungomenya mwamphamvu pathupi pake, zomwe malamulo saletsa. Ndipo matimu ambiri masiku ano amayamba onse awiri ali kumbuyo akamalandira sevisi yoyamba, chinthu chomwe akatswiri akale akanachiona ngati mantha.

Timu imalowa bwanji mu mpikisano, ndipo munthu amampeza bwanji mnzake?

Amaphatikiza manambala a awiriwo pa mndandanda wa osewera padziko lonse. Wina akakhala pa 180 mnzake pa 240, timuyo ili ndi 420, ndipo nambala yaing'ono ndiyo imalowa patsogolo. Pa malo ena olowera, wosewera amaloledwa kugwiritsa ntchito nambala yake yabwino, kaya ndi ya mmodzimmodzi kapena ya awiriawiri, n'chifukwa chake anthu awiri omwe sanaseweretsepo limodzi akhoza kulowa, timu yokhazikika n'kutsala kunja. Ena amalembetsa kudakali masiku, ena amakasaina pamalo pomwepo mpikisano ukuyamba, ndipo malo ochepa amasiyidwira wild card, omwe eni mpikisano amakonda kupatsa anyamata a m'dziko lawo.

Kupeza mnzako ndi ntchito payokha. Pamwamba, matimu amagwirizana za chaka chonse. Ku Challenger zambiri zimachitikira pa foni, sabata ndi sabata, ndipo funso loyamba silikhala la ubwenzi koma la masamu: tikaphatikizana tilowa? Wosewera amene nambala yake yakwera amayamba kuimbiridwa ndi anthu omwe kale sankamuyankha. Amene yatsika amauzidwa mwaulemu kuti mwezi wamawa mnzake wapeza wina. Zimapweteka, komabe n'zovuta kumuimba mlandu wochokayo, chifukwa kukakamira munthu yemwe simungalowe naye mpikisano n'kudzichotsa ntchito nonse awiri.

Kupatula masamu, amayang'ana kugwirizana kwa kaseweredwe: wa sevisi yamphamvu ndi wa manja ofewa pa neti, wokonda kumanja ndi wokonda kumanzere, wamanzere ndi wamanja. Mapasa a Bryan anali choncho, Bob wamanzere, Mike wamanja, ndipo anatenga limodzi zikho 119, kuphatikizapo 16 za Grand Slam.

Mapointi amagawana pakati?

Ayi. Timu ikapambana Challenger 100, aliyense amalandira mapointi 100 pa dzina lake. Ogonja mu fainolo, semifainolo ndi kotafainolo amalandira ocheperako motsatizana, pomwe ogonja mu ndime yoyamba sapeza kanthu. Mapointiwo amakhala masabata 52 kenako amafufutika, ndipo amawerengera zotsatira zabwino zokha za m'chakacho, osati zonse. Poyerekeza, chikho cha Grand Slam ndi mapointi 2,000.

Pamenepa pali khoma lomwe ambiri amagundapo. Wosewera akadzaza malo onse a zotsatira zowerengedwazo ndi zikho ndi mafainolo a Challenger, chikho china cha Challenger 75 sichimukwezanso kwenikweni. Kuti akwere ayenera kupeza mapointi a ATP Tour, koma kuti alowe kumeneko ayenera kukhala atakwera kale, poti mipikisano ya ATP 250 nayo imangotenga matimu 16. Osewera omwe ali pakati pa nambala 70 ndi 120 amakhala moyo wa uku ndi uku: sabata ino mpikisano waukulu, sabata yamawa kubwerera ku bwalo lopanda oonera.

Nanga ndalama?

Izi ndiye amagawana. Mphotho yolembedwa pa chikalata cha mpikisano ndi ya timu, ndipo gawo lalikulu la thumba lonse limapita ku masewera a mmodzimmodzi. Opambana chikho cha awiriawiri ku Challenger amagawana madola masauzande ochepa, pomwe ogonja mu ndime yoyamba amagawana mahandiredi angapo. Pamenepo pachoke msonkho wa dziko lomwe aseweralo, tikiti ya ndege, chakudya ndi kumangitsa zingwe za raketi. Kuyambira 2019 mipikisano yonse ya Challenger imapereka malo ogona kwa osewera, zomwe zinachepetsako katundu. Mphunzitsi woyenda naye ndi wa ochepa, ena amasonkherana kulipira mmodzi.

Kunena mosabisa, Challenger si malo opangira ndalama pa masewera a awiriawiri. Ndi malo otolera mapointi oti akakulowetse komwe kuli ndalamako. Ku Wimbledon mu 2024 timu yopambana inagawana mapaundi 650,000. Poyembekezera tsiku ngati limenelo, ambiri amadzithandiza posewerera makalabu a m'maligi a ku Germany, France ndi Italy, komwe amalipidwa pa masewera aliwonse.

Bwanji masewera ena amangolembedwa kuti w/o popanda zigoli?

Ndi chidule cha walkover: timu ina sinabwere pa bwalo, ndiye inzake yadutsa osasewera. Zimachitika kawirikawiri ku mbali ya awiriawiri, chifukwa ena mwa osewera anabwerera masewera a mmodzimmodzi, ndipo akavulala pang'ono kapena akatopa, choyamba kusiya ndi ichi. Mmodzi akachoka, timu yonse yatuluka, sangalowetse wina m'malo mwake mpikisano uli mkati. Ngati zachitika timuyo isanasewere ndime yoyamba, malo ake amapita kwa timu yodikirira yomwe inasaina.

Kodi si zoona kuti osewera awiriawiri ndi omwe analephera tenisi yeniyeni?

Mawu amenewa amamveka ngakhale pakamwa pa osewera anzawo, ndipo ali ndi kachoonadi kake. Pafupifupi aliyense anayamba ndi maloto a mmodzimmodzi. Wina bondo linamuvuta, wina ndalama zinamuthera ali pa nambala 400, wina anangoona kuti zikho zikumubwerera akakhala ndi mnzake. Palibe mwana wa zaka 12 amene amalota za kamzere ka m'mbali.

Koma kunena kuti ndi tenisi yosavuta n'kusaonera. Luso lake ndi lina. Wolandira ali ndi kampata kakang'ono kodutsitsa mpira, poti pa neti paima munthu. Sevisi yoyamba iyenera kulowa kawirikawiri, chifukwa yachiwiri imaika mnzako pa ngozi. Pa neti mipira imasinthanidwa anthu atayandikana mamita ochepa, moti manja amayankha mutu usanaganize. Ndipo pa 40-40 ukaphonya, suli wekha amene wataya ndalama ya sabata imeneyo. Osewera a mmodzimmodzi omwe ali pamwamba akalowa, nthawi zina amapambanadi ndi mphamvu za mipira yawo, koma nthawi zambiri amasokonezedwa ndi anthu awiri osatchuka omwe amadziwa poima.

Ubwino wina ndi woti thupi limapirira nthawi yaitali, popeza munthu amateteza theka la bwalo. Rohan Bopanna wa ku India anafika pa nambala 1 mu Januwale 2024 ali ndi zaka 43, mwezi womwe anatenga Australian Open pamodzi ndi Matthew Ebden.

Alipo omwe anachokera ku Challenger n'kukatenga zikho zikuluzikulu?

Ambiri, ndipo chitsanzo chaposachedwa ndi cha Julian Cash ndi Henry Patten a ku Britain. Onse awiri anadzera m'makoleji a ku America, ndipo mu 2022 anatenga limodzi zikho 10 za Challenger m'chaka chimodzi, chinthu chomwe timu ina inali isanachitepo. Kenako anasiyana. Patten anakagwirizana ndi Harri Heliövaara wa ku Finland, munthu yemwe anasiyapo tenisi kwa zaka zingapo n'kudzabwereranso, ndipo awiriwo anatenga Wimbledon mu 2024 ndi Australian Open mu 2025. Cash naye anatenga Wimbledon mu 2025 pamodzi ndi Lloyd Glasspool. Kusiyana kwawo kunapindulira onse awiri, zomwe sizichitika kawirikawiri.

Palinso ena omwe pafupifupi moyo wawo wonse wa tenisi unathera ku Challenger komweko. Mapasa a ku Thailand, Sanchai ndi Sonchat Ratiwatana, anatenga limodzi zikho za Challenger zoposa 40, pomwe za ATP Tour anatenga ziwiri.

Timamva za kugulitsa masewera. Kodi vutoli lilipo?

Lilipo, ndipo milandu yambiri imachokera m'mipikisano ya m'munsi, makamaka ya ITF. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: makampani obetcherana amaika ngakhale masewera opanda oonera, ndipo ndalama yomwe wachinyengo angalonjeze pa gemu imodzi ikhoza kuposa mphotho ya mpikisano. Safunanso kuti munthu agonje masewera onse, seti imodzi kapena sevisi ziwiri zolakwika pa nthawi yomwe agwirizana n'zokwanira. Bungwe lofufuza ndi International Tennis Integrity Agency, lomwe linayamba ntchito mu 2021 m'malo mwa Tennis Integrity Unit. Osewera saloledwa kubetcha pa tenisi iliyonse, ndipo amene wafikiridwa ndi wachinyengo n'kukhala chete osanena amalangidwanso. Zilango zimafika mpaka poletsedwa moyo wonse.

Ndingaonere kuti, ndipo ndiziyang'ana chiyani?

Bungwe la ATP limaonetsa masewera a Challenger mwaulere pa intaneti kudzera pa Challenger TV. Nthawi zambiri kamera imakhala imodzi, kumbuyo kwa bwalo, popanda wofotokoza. Pa masewera a awiriawiri kamera yotereyi ndi yabwino ndithu, chifukwa anthu onse anayi amaoneka nthawi imodzi. Wopita pa bwalo penipeni adzapeza kuti masewerawa amaikidwa pa mabwalo a m'mbali kapena madzulo kwambiri, ndipo akhoza kukhala pafupi moti n'kumamva zomwe osewera akuuzana.

Musamatsatire mpira nthawi zonse. Kwa magemu awiri kapena atatu, yang'anani mnzake wa woseva yekha: nthawi yomwe akunyamuka, kangati akungonamizira kudutsa n'kubwerera, komanso ngati wolandira wayamba kumuponyera diso asanamenye. Kenako onani chomwe timu yolandira ikuchita sevisi yoyamba ikalakwika, ngati mnzake wa wolandira akusendera ku neti kapena akukhalabe kumbuyo. Pa 40-40 sungani m'mutu amene wasankhidwa kulandira, ndipo muone ngati adzasankhidwenso ulendo wotsatira atabweza mpira mu neti.